Gitala ya a Twaibu ndi Firiji ya Nsomba

Za ubwana wanga ndadumpha dala. Amene akuzifuna akafunse achemwali anga, koma adziwiretu kuti iwo aja nkhani amaithira mchere wambiri. Ine ndikulemba za ntchito, kuti inu ana anga ndi adzukulu mudziwe chimene chinandichotsa kunyanja n'kukandiponya ku Dwangwa, poti mpaka lero alipo anthu amanong'ona kuti ndinaba. Sindinabepo ngakhale supuni.

Ntchito yoyamba, nthawi ya chipani chimodzi

Ndinayamba ngati wosesa pa resitihausi ina ku Salima. Mwini wake anali mkulu wina wa bizinesi wa ku Lilongwe amene anali ndi nyumba zogona alendo zitatu: ya ku Salimayo, ina m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, ndi kena kakang'ono ku Dwangwa komwe aliyense ankaopa kutumizidwako. Bwana wanga woyamba anali mayi wachikulire, a Nanyoni, amene ankadula sopo tizidutswa topyapyala toti ukatiloza kudzuwa umaonera kuseri. Sopo ankasowa, shuga ankasowa, mababu ankasowa, ndipo alendo ankachoka ndi chilichonse chosakhomedwa ndi msomali. Ndinaonapo m'busa atakulunga thaulo lathu m'jekete. Ndinaonapo mphunzitsi wamkulu atachotsa babu wathu woyaka n'kuikapo wakufa amene anachoka naye kwawo. Kuyambira pamenepo mlendo ndinkamusekerera kumaso, maso anga ali pa chikwama chake.

Panalinso chinthu china. Tinali ndi woperekera zakumwa, Jailosi, munthu wanthabwala zedi. Tsiku lina kunabwera mlendo ali ndi kawailesi kojambula mawu, n'kukaika patebulo ngati akungomvera nyimbo. Jailosi anachita nthabwala ya makadi a chipani, anthu n'kuseka. Sabata isanathe kunabwera anthu kudzamutenga. Anabwerako patapita nthawi yaitali, ali wowonda, ndipo nthabwala anazisiya komweko. Ine makina alionse okhala ndi tepi yozungulira ndinayamba kuwadutsa patali, pakamwa nditatseka.

Atandikweza n'kunditumiza ku Nkhotakota, anandipatsa makiyi onse: a zipinda, a kukhitchini, a chipinda chosungira katundu, ndi a loko wa firiji yaikulu ya nsomba. Ndinkawamanga m'chiuno, mkati mwa chitenje. Asodzi obweretsa chambo, ndi a mpasa ochokera ku Bua, ankadziwa kuti nsomba iliyonse ndiyang'ana m'maso n'kuinunkhiza, ngakhale alumbire potchula amayi awo. Iwowa ndiwo anandipatsa dzina loti Mayi Loko. Ankaganiza kuti ndikwiya. Ndinalikonda.

1994

Chisankho chitatha, dziko lonse linatsegula pakamwa nthawi imodzi. M'bala mwathu anthu amene dzulo lake ankanong'ona anayamba kutchula mayina a akuluakulu mokweza, zala zikuloza kudenga. Ine ndinkangopukuta matebulo, mumtima ndikuti lankhulani, tione ngati zikhalitse. Kunayambanso mawekishopu. Sabata ndi sabata kunkabwera magalimoto oyera, anthu amataye kudzaphunzitsana demokalase, ufulu wa amayi, kasamalidwe ka nsomba, kenako n'kudya nsombazo. Manijala wathu, a Kamtedza, munthu wamfupi wokonda mafuta onunkhira, ankakhalira mawekishopuwo. Akamva kuti ina ikubwera ankayenda ngati wakwatira dzulo.

Chaka chomwecho kunatulukira a Twaibu, mkulu wamtali wa imvi, chipewa choyera cha kumzikiti kumutu, gitala m'bokosi lakuda lomanga ndi lamba. Kwawo kunali konkuno, koma anachoka ali mnyamata n'kukakhala ku Halale ndi ku Joni akuimba m'mahotela. Ambiri amene anathawa ankabwerera nthawi imeneyo. Ine ndinangoona munthu wolankhula pang'ono, womvetsera kwambiri, wokhala pakona moyang'ana khomo. Ndinati uyu ndi kazitape. Ndinamuletsa Asiyatu, wophika wathu, kucheza nawo, ndipo tiyi ndinkawapatsa m'kapu yong'aluka kuti akaiba isandipweteke mtima.

A Kamtedza anawalola kumaimba pakhonde Loweruka masana. Anapeza anzawo awiri: Rajabu, kalipentala wokhoma mabwato, pa besi, ndi Lameki pa ng'oma, amene ankagwira ntchito ya nzimbe ku Dwangwa n'kumabwera pa minibasi. Nyimbo zawo ankati ndi jazi. Mawu munalibe. Ankayambira pamodzi kanyimbo komveka bwino, kenako gitala inkapatuka n'kulowa m'tchire yokha, besi ikuitsatira, ng'oma zikunong'ona, mpaka mwadzidzidzi onse n'kukumananso pamsewu pamene anasiyana. Tsiku loyamba msodzi wina anadikira, anadikira, kenako anati, "Akulu, ngati mwatha kuyesa mawayawo yambanitu." Lameki ng'oma ankazisisita ndi timasache m'malo mwa timitengo. Ndinadabwa kuona masache anga akuonda. Nditamugwira akudula anati, "Mayi, anuwa ali ndi mawu abwino kuposa a kumsika." Ndinayamba kukiyira ndi masache omwe.

Tsiku lina ndinawafunsa a Twaibu mosazungulira.

"Bwanji simuimba ndi pakamwa? Mukubisa chiyani?"

"Ndinkaimba kale," anatero. "Mnzanga amene tinkaimba naye anabwera kudzamutenga chifukwa cha vesi imodzi yokha. Ine ndinaoloka malire ndi gitala basi. Ndinati kuyambira lero izilankhula ndi iyi. Akafuna aitenge akaifunse."

"Koma pano akuti kuli ufulu."

"Akutero. Inu mwayamba kulankhula?"

Mawa lake ndinawapatsa kapu yabwino, ngakhale kasupuni ndinkakayang'anabe.

Okutobala 1995

A Twaibu anafuna kutulutsa chimbale. Masitudiyo anali ku Blantyre, koma Rajabu sakanasiya mabwato a anthu ali theka, ndipo Lameki anangopatsidwa tchuthi chachifupi. Choncho anaitana situdiyo kuti ibwere kuno. Inabwera Lolemba pa basi, m'makatoni okulunga mabulangete, pamodzi ndi munthu wake, a Benito, wa magalasi ndi ndevu zosapesa. Makinawo anali obwereka, ndipo eni ake anati Loweruka m'mawa akwere basi yobwerera, zatheka kapena zalephereka. A Benito anayenda nyumba yonse akuomba m'manja chipinda ndi chipinda ngati akupereka moni kwa anthu osaoneka, n'kusankha chipinda changa chosungira katundu, poti chinali cha makoma okhuthala komanso chopanda zenera. A Kamtedza anavomera mosavuta chifukwa maganizo awo anali kwina. Anali atapeza wekishopu yaikulu ya Loweruka lomwelo, atadzaza firiji ndi chambo mpaka pachivundikiro, ndipo ankanyamuka kupita ku Lilongwe kuti akabwere ndi alendowo.

"Mayi Loko, aimbe mmene akufunira, koma firiji isazime," anatero ali pakhomo pa galimoto. "Anthu amenewa ndawalonjeza chambo chachiwisi chokazinga. Akakhutira, chaka chonse azibwera kuno. Mwandimva?"

"Ndakumvani, bwana."

A Benito anafuna matiresi kuti atchinge makoma. Ndinanyamula ndekha kuchokera m'zipinda zopanda alendo, n'kuwakuta ndi nsalu zakale kuti thukuta la oimba lisawakhudze, kenako ndinakhala pakhomo pa kireti ya mabotolo kuti ndione amene angasuzumire m'matumba a mpunga. M'katimo munali ngati mu uvuni. Amuna akuluakulu anatsala ndi mavesiti. Ine nditaona matepi akuzungulira, pakamwa panatsekeka pokha. Akandifunsa kanthu ndinkayankha ndi mutu kapena ndi chala. A Benito ankati, "Mayi, makina ndazimitsa, lankhulani." Ndinkawakodola, tinkatuluka mpaka pansi pa mtengo wa mango, n'kuwayankhira kumeneko. Iwo ankati azimitsa. Ine sindinkaona chosiyana.

Phokoso linali mdani wawo. Atambala Asiyatu anawathamangitsira kugombe. Azana ikamveka kumzikiti ankaima, poti a Twaibu ndi Rajabu ankapitanso kukaswali. Koma a Benito, mahedifoni ali kumakutu, ankangopukusa mutu kuti muli njuchi. Tinafunafuna njuchizo mpaka anakaika khutu pakhoma n'kupeza kuti ndi firiji yanga, imene inkang'ung'udza kukhitchini kuseri kwa khoma lomwelo. Anati izizima akamajambula. Ndinawakokera onse pansi pa mango.

"Nyimbo imodzi imatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Zimatengera," anatero a Twaibu.

"Zimatengera chiyani?"

"Mmene yadzukira tsiku limenelo."

"Simuidziwa nyimbo yanu yomwe?"

"Poyambira ndi pothera timapadziwa. Pakatipo timakumana nazo komweko."

Munthu wosadziwa kutalika kwa nyimbo yake sungamupatse swichi. Ndinati ndizizimitsa ndekha akayamba, n'kuyatsa akangomaliza, ndipo wina aliyense akagwira swichiyo adzandidziwa. Firijiyo inali yokalamba, labala wa chivundikiro atatha, tinkachita kumanga ndi chubu cha njinga. Sinkasunga kuzizira.

Masiku oyambawo sizinayende. A Twaibu ankayamba bwino, kenako n'kuima pakati. Pena ankati waya watsika, pena thukuta lalowa m'maso. Anzawo ankawakhulupirira. Ine ayi. Ndinaona kuti asanayambe kuimba ankapempha madzi otentha m'beseni ati ometera, koma ndevu zinkakhala momwemo. Ndinaona kuti lamba wa bokosi la gitala ankamasula ndi dzanja lamanja lokha, lamanzere lili m'thumba. Lachitatu ndinawapeza kuseri kwa khitchini ataviika dzanjalo m'beseni, zala zitapindika ngati za nkhuku yophika.

"Dzanja likukanani," ndinatero.

"Nyamakazi. Likatenthedwa limamasuka, koma ndikangoima limagwiranso. Mvula ikayamba ndiye kuti basi. Mwauza ndani?"

"Ine kuuza munthu?"

Anaseka mpaka madzi anatayika. "N'chifukwa chake ndikufulumira, mayi. Zaka zonsezi ndaimbira anthu akudya ndi kulankhula. Palibe chimene chinatsala. Ana anga ku Halale amangomva kuti bambo awo ankaimba."

Lachinayi m'mawa magetsi anazima. Tsiku lonse kunali zii, Lachisanu m'mawa chimodzimodzi. Firiji ndinaifunda masaka onyowa, koma ndikadina chambo cha pamwamba chala chinkalowa. A Benito anagona pa benchi magalasi ali pamphumi. Pa matepi awo panali tizidutswa tokhatokha.

Lachisanu lija

Atangobwera kuchokera ku swala ya masana, babu wa pakhonde anayaka, firiji n'kuyamba kung'ung'udza. Tonse tinkadziwa khalidwe la magetsi a nthawi imeneyo: akabwera masana, dzuwa lisanalowe apitanso. Maola amenewo akanatha kulimbitsa nsomba kuti zifike Loweruka, kapena akanatha kujambula chimbale. Zonse ziwiri ayi. Amuna aja anandizungulira. A Benito anachonderera mpaka kugwira mawondo. Rajabu anati andikhomera bwato laulere, ngati kuti ine ndili ndi kopita. Ndinangoima, manja m'chiuno pamwamba pa makiyi. Ndinali ndi ana atatu pasukulu, amayi anu ndi amalume anu, bambo awo atamwalira kale. A Kamtedza sanali munthu woiwala.

Kenako a Twaibu anati, "Asiyeni mayi. Ntchito ndi yawo, ana ndi awo." Anawerama n'kuyamba kuika gitala m'bokosi, akulimbana ndi lamba uja.

Moyo wanga wonse munthu wofuna kanthu kwa ine ankabwera ndi mawu okoma, ndipo mawu akakoma ndinkadziwa kuti ndigwiritse chikwama. Awa anali ndi chifukwa chachikulu kuposa onse, chimene ndinkachidziwa ine ndekha, ndipo sanachitchule. Ndinalowa m'chipindamo, pamaso pa makina aja, n'kunena mokweza kuti, "Nyimbo imodzi." A Benito anatembenuka kufuna kuona amene walankhula.

Ndinapita kukhitchini, ndinazimitsa, dzanja ndinalisiya paswichi pomwepo. Kuseri kwa khoma Lameki anayamba kusisita masache anga, besi inalowa, kenako gitala. Ine za jazi sindizidziwa mpaka lero, koma ndinali nditamva gitala imeneyo Loweruka lililonse kwa chaka, ndipo tsiku limenelo sinkakayika. Inkayenda ngati munthu wabwera kwawo patatha zaka, akuima nyumba ndi nyumba, apa kuseka, apa kufunsa za amene anamwalira, apa kungodutsa mwakachetechete. Madzi anayamba kudontha pansi pa firiji n'kuyenderera mpaka pa mapazi anga. Nyimbo inafika pothera. Ndinakonzeka kudina. Koma gitala sinaime, inangotsetsereka n'kulowa m'nyimbo ina, anzawo n'kuithamangira. Wina akanati andipusitsa. Ine ndinadziwa kuti akaima, zala zigwira.

Ndinachotsa dzanja paswichi n'kumukodola Asiyatu.

"Kasonkhe moto kuseri uko, kutali ndi khoma. Utenge mawaya owambira," ndinanong'ona.

"Anaphiri, zonsezi? Abwana adzatipha."

"Adzapha ine. Vula masilipasi, akulira."

Masana onsewo ine ndi Asiyatu tinkayenda chopanda nsapato, tikutulutsa chambo m'mabeseni, kung'amba, kuthira mchere, kuyala pamoto. Mpeni sunkagunda thabwa. Utsi ukatitsamwitsa tinkathamangira kugombe kukatsokomolera kumeneko. Makiyi ndinawakulunga m'mpango kuti asalire. Mlendo wina anabwera kudzafunsa chipinda, ndinamulozera benchi n'kumuikira chala pakamwa, ndipo anakhala pomwepo mwaulemu ngati ali pamaliro. Dzuwa litapendeka ndinamva nyimbo ikutsika pang'onopang'ono, waya womaliza n'kulira. M'firiji munatsala nyama pang'ono ndi batala. Ndinathamanga n'kudina swichi.

A Benito anatuluka atagwira mutu. "Mayi, mawu omaliza anali asanathe kufa. Mwalowa mu tepi."

Kumbuyo kwawo kunatuluka a Twaibu, vesiti ili chonyowa, dzanja lamanzere atalinyamula ndi lamanja ngati kamwana. "Usafufute," anatero. Pasanapite nthawi magetsi anazima.

Loweruka a Benito anakwera basi yawo, a Kamtedza n'kufika ndi magalimoto oyera. Fungo la utsi linawalandira pamsewu. Alendo anadya chambo chowamba cha tomato ndi mpunga, ena anafunsa kondowole, ndipo mayi wina wa magalasi anapempha kuti timukulungire zina apite nazo. Koma a Kamtedza anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Funso langa ndi limodzi. Firiji inazima yokha, kapena munazimitsa?"

Magetsi anali atavutadi, tawuni yonse ikanandichitira umboni. Asiyatu anali atalumbira kale kuti sanaone kanthu. Koma nkhaniyo inkadziwika ndi anthu asanu, kuphatikizapo Lameki amene akamwa botolo limodzi amafotokoza ndi maloto ake omwe. Sindikanatha kukhala moyo wodikira tsiku limene mmodzi adzatsegule pakamwa.

"Ndinazimitsa ine, bwana."

"Chifukwa cha gitala?"

"Eya."

"Inu, Mayi Loko? Amene munandikaniza ine ndemwe sopo wachiwiri?"

"Munali musanamalize woyamba."

Sanaseke. Anati nkhani si nsomba, nkhani ndi yoti mawu awo anapondedwa. Mwezi usanathe ndinapereka makiyi n'kukwera minibasi ya ku Dwangwa, ana ndi mapoto pamiyendo.

1996, ku Dwangwa

Malo aja anali aang'ono, udindo wotsika, alendo ake madalaivala a malole a shuga amene ankagona ndi nsapato. Firiji kunalibe n'komwe. Miyezi yoyamba inandivuta, mwana wanga wamkulu anasiya kaye sukulu teremu imodzi, ndipo zimenezo sindiziiwala. Koma madalaivala ndinawazolowera. Munthu woti umamudziwiratu kuti aba thaulo savutitsa mtima ngati woba atavala taye. Ndinakhala komweko mpaka kupuma.

Mvula itatha, tsiku lina masana, ndinaona a Twaibu akutsika minibasi opanda bokosi lawo. Dzanja lija linali litapindikiratu, gitala anali atampatsa Rajabu kuti aziisunga. Anatulutsa kaseti m'thumba la malaya. Pachikuto panali amuna atatu ataima pakhonde lathu lakale, Lameki atanyamula timasache ngati maluwa. Anati ina atumiza kale ku Halale, ana ayankha kuti akuimvera tsiku ndi tsiku mpaka aneba adandaula. Tinabwereka wailesi ya mlonda n'kukhala pamthunzi. Kumapeto kwa mbali yachiwiri waya womaliza unalira, usanathe kunamveka thu, kenako kung'ung'udza kwa firiji yanga yokalamba, tepi n'kutha.

"Mwadzimva?" anatero. "Pachithunzi tili atatu, koma oimba tili anayi."

"Dzina langa mwalilemba penapake?"

"Ayi. Ndinaopa."

"Mwachita bwino."

Ndinawaperekeza kusiteji, ndinawapezera mpando wakutsogolo, ndipo kondakitala ndinamuuza kuti awatsitse bwinobwino pakhomo pawo, chifukwa nkhope yake ndaiona ndipo nambala ya galimoto yake ndaisunga.